Mbuzi yathyoka mwendo: timange kapena tiphe?

Mbuzi ikathyoka mwendo, alimi ambiri amathamangira jekeseni. Mwana amatumidwa kushopu ya mankhwala a ziweto m'tauni, madzulo mbuzi yabayidwa, ndipo patatha masiku atatu m'pamene zimadziwika kuti fupa lathyokera m'ntchafu, malo osamangika. Pofika apo mbuzi yawonda, thupi latentha, nyama yake ili ndi mankhwala, singadyedwe ngakhale kugulitsidwa. Chiweto chapita, ndiwo nazonso zapita. Choncho jekeseni adikire kaye. Choyamba n'kudziwa pamene fupa lathyokera komanso ngati khungu labooka, chifukwa zinthu ziwirizi n'zimene zikuuzeni ngati mbuziyo ndi yomanga kapena yopha, ndipo chiganizo chimenechi chiyenera kumangidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.

Musaithamangitse. Mbuzi ya miyendo itatu imathamanga modabwitsa, ndipo ikamatero nsonga za fupa zimacheka mnofu ndi mitsempha m'katimo, mwinanso kutulukira kunja. Itsekerezeni pakona modekha, muinyamule dzanja limodzi pachifuwa lina kumbuyo kwa ntchafu, mwendo wothyokawo uli kunja osakhudza thupi lanu. Ngati ndi yolemera, anthu awiri aiike pathumba n'kugwira m'makona. Kuimanga miyendo n'kuikweza pakabaza kupita nayo kwa dokotala ndi kuipha pang'onopang'ono. Ngati n'kofunikadi kuyenda nayo, mwendo uyambe wamangidwa.

Musanafike pamwendo, ionetsetseni mbuzi yonse, makamaka ngati yagundidwa ndi galimoto, monga zimachitikira m'mbali mwa msewu wa M1 kulowera ku Ekwendeni kapena wa ku Nkhata Bay. Tsegulani kukamwa muone nkhama ndipo mutembenuze chikope cha m'munsi. Zikakhala zoyera ngati pepala, mbuzi ikutaya magazi m'kati. Ikamakoka miyendo yonse iwiri yam'mbuyo, tsinani kwambiri pakati pa ziboda. Ngati sikumva chilichonse, wathyoka ndi msana, ndipo pamenepo palibenso chomanga. Onetsetsaninso kuti ndi kuthyokadi. Nthawi ya mvula kuno ku Mzuzu mbuzi zambiri zimatsimphina chifukwa cha zilonda zonunkha pakati pa ziboda kapena minga. Mwendo wothyoka umalendewera, umapindika pamalo posakhala mfundo, ndipo mukaugwedeza pang'ono mumamva mafupa akukhulana pansi pa zala. Mukamva kamodzi basi, kwakwana. Osabwerezabwereza kuti aliyense wobwera kudzaona amveko.

Tsopano pamene pathyokapo. Mwendo wakutsogolo uli ndi bondo pakati, ndipo wam'mbuyo uli ndi mfundo yosongoka yoloza kumbuyo ija, yooneka ngati chigongono. Fupa likathyoka m'munsi mwa mfundo zimenezi, pafupa lalitali lowongoka lotsikira kuziboda, mwayi wopola ndi waukulu kwambiri, bola khungu lisabooke. Pamenepa mnofu ndi wochepa, chomangira chimagwira fupa lenilenilo. Likathyoka pamwamba pa bondo kapena pamwamba pa chigongono cham'mbuyo chija, koma lisanafike m'thupi, zimatheka ndithu koma zimafuna katswiri. Madokotala amagwiritsa ntchito chitsulo chopinda, chokhala ndi mkombero wozungulira m'mphechepeche kapena m'khwapa ndi ndodo ziwiri zotsikira kuziboda, n'kuphatikiza ndi chikhakha. Likathyoka m'ntchafu mwenimweni kapena paphewa, musamange chilichonse. Chomangira sichingafike pamwamba pa malo othyokawo, ndiye chimangokhala katundu wolendewera amene amakoka fupa n'kuwonjezera kuvulala. Kamwana ka mbuzi ka milungu yochepa nthawi zina kamapola kokha mukakasunga m'kakhola kopanikiza, ngakhale mwendo umadzafupikirapo. Mbuzi yaikulu yothyoka m'ntchafu, kawirikawiri chifundo chenicheni n'kuipha.

Msinkhu ndi kulemera nazo zimalowapo. Mbuzi zathu zachikuda, zolemera makilogalamu 25 mpaka 35, zimapirira chikhakha bwino kuposa tonde wamkulu wa mtundu wa Boer. Fupa la kamwana limalumikizana pa milungu 3 mpaka 4, la mbuzi yaikulu limafuna milungu 6 mpaka 8. Dzifunseni moona mtima ngati pakhomo pali munthu amene angaimwetere udzu ndi kuiyang'ana tsiku lililonse kwa miyezi iwiri. Ngati palibe, kumanga mwendowo n'kungoitalikitsira ululu.

Mukasankha kupha, iphedwe tsiku lomwelo, pamalo pomwe ilipo, isanatenthe thupi komanso isanalandire mankhwala. Dulani n'kutaya nyama yonse yoviika magazi yozungulira pothyokapo. Ngati mukufuna kugulitsa nyamayo, iyambe yayezedwa ndi a zaziweto. Koma ngati mwendo wathyoka chifukwa cholumidwa ndi galu wosadziwika kapena wokayikitsa, musakhudze bala ndi manja opanda magolovesi ndipo musadye nyamayo musanawauze alangizi, chifukwa chiwewe si nkhani yoseweretsa.

Kumanga mwendo wothyokera m'munsi

Imbani foni kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, amene amapezeka kuofesi ya zaulimi ya m'dera (EPA) imene ili pansi pa ofesi yaikulu ya zaulimi ya Mzuzu ADD, kapena dokotala wa ziweto amene mumamudziwa. Iye ali ndi mankhwala ogonetsa ndi ochepetsa ululu, ndipo kuwongola fupa mbuzi ili maso n'kowawa koopsa. Musayese kugonetsa nokha ndi xylazine wotsala pa ng'ombe. Mbuzi imafuna mlingo wochepetsetsa wa mankhwala amenewa, ndipo kungopitirira pang'ono imasiya kupuma. Koma ngati thandizo lifika mawa, mwendo usagone osamanga.

Zofunika ndi mpukutu wa thonje wa magalamu 500, mabandeji atatu kapena anayi, tepi yolimba yomata, ndi chomangira. Chomangira chabwino ndi paipi ya madzi yapulasitiki, ya mamilimita 40 kapena 50 kwa mbuzi yaikulu, 25 kapena 32 kwa kamwana, yocheka m'litali ndi sowo kuti ikhale ngati kangalande. Palani m'mphepete ndi mpeni kapena musalaze ndi sandipepala mpaka chala chizidutsa osakanda. Popanda paipi, nsungwi youma yong'alula imagwira ntchito. Yaiwisi ayi, imapindika ndipo ikamauma imachepa, chomangira n'kukhwefuka. Popanda thonje, ng'ambani chitenje chochapa bwino, chofewa, koma muonetsetse kuti mulibe msoko kapena mfundo zokhudza khungu.

Muyese kutalika kwake pamwendo wabwinowo musanagwire wothyoka. Lamulo ndi lakuti mfundo ya m'munsi ndi ya pamwamba pa malo othyoka zonse zisagwedezeke. Pamwendo wakutsogolo, paipi iyambire pansi penipeni pa ziboda, idutse bondo, ikathere m'munsi pang'ono mwa chigongono cha kukhwapa. Vuto limene timaliona kawirikawiri ndi timitengo tiwiri tatifupi, totalika ngati chala, tomangidwa pothyoka penipenipo. Timeneto sitigwira kanthu, ndipo nsonga yake ikathera pafupi ndi pothyokapo imakhala ngati chopendekera chothyolera fupa kachiwiri. Mwendo wam'mbuyo suwongoka ngati ndodo, uli ndi kupindika kwake. Tenthetsani paipi pamwamba pa mbaula, osaigunditsa pamakala, ikafewa muipinde molingana ndi mwendo wabwinowo, muiviike m'madzi ozizira kuti iume momwemo.

Gonekani mbuzi chammbali pathumba, mwendo wothyoka uli pamwamba. Wina agwire mutu ataphimba maso ndi nsalu, kukamwa kuloze pansi pang'ono kuti malovu azituluka. Zonse zikhale zokonzeratu pafupi, chifukwa mbuzi ikagona chammbali kupitirira mphindi 20 kapena 30 mimba imayamba kufufuma ndi mpweya. Wachiwiri agwire pamwamba pa bondo, inu mugwire ziboda, mukoke pang'onopang'ono molunjika, osatsukunyula, mpaka mwendo ufanane kutalika ndi unzake. Yang'anani kumene ziboda zaloza. Ziyenera kuloza kutsogolo mofanana ndi bondo. Fupa lolumikizana mopendekeka pang'ono limadziwongola m'kupita kwa nthawi, makamaka pa ana, koma lolumikizana mopotoka limakhala choncho mpaka kalekale.

Wokokayo asasiye. Ikani kathonje pang'ono pakati pa ziboda ziwirizo ndi kena pansi pa tiziboda ting'onoting'ono takumbuyo tija, chifukwa ndi pamene zilonda zimayambira. Kulungani thonje kuyambira pansi kukwera m'mwamba, mulimange ndi bandeji mwamphamvu ndithu, kuzungulira kulikonse kukwirire theka la kwapitako. Likapanikizika, thonje likhale lochindikala sentimita 1 mpaka 2 mbali zonse, ndipo lipitirire pang'ono pamene paipi idzathere kuti nsonga yake isadye khungu. Thonje likachepa, paipi imaboola khungu. Likachulukitsa, fupa limasewera m'katimo ngati munthu wovala nsapato yaikulu. Kenako ikani paipi kumbuyo kwa mwendo, ndipo kwa mbuzi yaikulu onjezani kachidutswa kena kumbali yakunja. Zungulizani tepi molimba kuyambira pansi mpaka pamwamba, osati m'malo awiri atatu okha. Nsonga za ziboda zitsale zikuoneka. Pamapeto lowetsani chala chimodzi kumtunda pakati pa thonje ndi khungu: chilowe mothina, osati ziwiri, komanso chisakanike kulowa.

Apa ndinenepo mwamphamvu za malegeni. Amapezeka pakhomo paliponse, timamangira katundu panjinga, ndipo dzanja limangowatola lokha. Pamwendo wa chiweto asafikepo. Mphira umapitiriza kufinya usana ndi usiku, mwendo ukutupa, magazi amasiya kufika kuziboda, ndipo pakatha masiku awiri atatu mumapeza phazi lozizira, lakuda, lonunkha. Mwendo umene ukanapola bwinobwino umafa chifukwa cha chingwe chotchipa. Waya ndi chingwe cha nayiloni n'chimodzimodzi.

Dokotala akafika mwina aika chikhakha, chimene chimagwira bwino kuposa paipi. Ngati mwendo watupa kwambiri, ndi bwino kukhala ndi paipi masiku awiri kapena atatu kutupa kuphwe, apo ayi chikhakha chimadzakhwefuka. Pansi pa chikhakha thonje limakhala lopyapyala. Mipukutu ya pulasitala imaviikidwa m'madzi ofunda pang'ono mpaka thovu litasiya kutuluka, n'kufinyidwa pang'ono, ndipo wogwirizira agwire ndi zikhatho chifukwa nsonga za zala zimasiya tizenje timene m'kati mwake timabaya khungu. Chikhakha chimagwirana m'mphindi zochepa, koma kuuma kwenikweni kumatenga tsiku limodzi kapena awiri, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi kuno ku Mzuzu, mpweya uli wachinyezi, chimachedwerapo. Pansi pake pamatidwe kachidutswa ka tayala kuti chisaperepeseke. Chilipo china cha faibagilasi, chopepuka, cholimba, chosasungunuka ndi madzi, koma mtengo wake ndi wokwera ndipo sichipezeka nthawi zonse.

Fupa likatulukira kunja

Iyi ndiye nkhani yovuta, ndipo tisanamizane, mwayi umachepa kwambiri. Fupa la m'munsi mwa mwendo lili ndi khungu lokha pamwamba pake, ndiye likakhudza dothi la m'khola tizilombo timalowa m'mafuta a m'fupa momwe. Maola oyambirira ndiwo ofunika. Bala lotsukidwa pasanathe maola pafupifupi 6 lili ndi chiyembekezo, logona tsiku lonse m'matope lili ndi chochepa. Dziwaninso kuti nthawi zina bala limakhala kaboo kakang'ono kodontha magazi, fupa litabwerera m'kati. Patulani ubweya muyang'ane bwino, chifukwa kumeneko nakonso n'kubooka.

Wiritsani madzi, muwaziziritse, pa lita imodzi muthire tiyisupuni imodzi ndi theka ya mchere. Metani ubweya kuzungulira bala mutaliphimba ndi kansalu konyowa kuti ubweya usagweremo. Tsukani ndi malita awiri kapena kupitirira, mukupopera ndi sirinji yopanda singano kapena botolo loboola pachitsekero, mpaka mchenga ndi tiudzu tonse zitachoka. Ayodini wa pazilonda mumsungunule m'madzi mpaka aoneke ngati tiyi wopanda mkaka wosapsa. Musakankhire fupa lakuda m'kati lisanatsukidwe. Phulusa, oilo wakuda wa injini, dothi la pachulu, ufa wa m'batire, zonsezi zimapha mnofu umene ukanatseka balalo. Phimbani ndi nsalu yoyera, mumange ndi paipi monga tafotokozera. Bala lotere lisatsekeredwe m'chikhakha n'kuiwalidwa, liyenera kumasulidwa ndi kutsukidwa tsiku lililonse kapena pakadutsa tsiku limodzi pa mlungu woyamba.

Apa ndiye jekeseni ali ndi ntchito. Fupa lothyoka khungu lili bwinobwino silifuna mankhwala opha tizilombo, limangofuna ochepetsa ululu. Lobooka limafuna zonse ziwiri. Penisilini ndi amene amasankhidwa kawirikawiri pa mabala akuya, ndipo amabayidwa tsiku ndi tsiku kwa masiku amene dokotala wanena, osalekeza pakati. Oxytetracycline, mankhwala enanso opha tizilombo, wokhalitsa wa 20 peresenti mlingo wake ndi mililita 1 pa makilogalamu 10 aliwonse, choncho mbuzi ya makilogalamu 30 imalandira mamililita 3. Yezani mbuziyo pasikelo ya chimanga itakhala m'thumba, osangoganizira ndi maso. Bayani m'khosi, osati pantchafu, chifukwa kumeneko kumadutsa mtsempha waukulu ndipo mutha kupundula mwendo umene mbuzi ikudalira. Wa ululu wodziwika ndi meloxicam, mamiligalamu 0.5 pa kilogalamu, amene pa botolo la mamiligalamu 20 pa mililita ndi mamililita 0.75 okha kwa mbuzi yomweyo. Mbuzi yosamwa madzi isapatsidwe ameneyu chifukwa amavulaza impso. Dexamethasone, mankhwala ochepetsa kutupa, mumpewe: amachedwetsa kupola ndipo amachotsa bere. Funsaninso za jekeseni woteteza kafumbata. Mbuzi zimagwidwa nayo msanga pa mabala akuya, ndipo imaonekera patapita masiku angapo mpaka milungu itatu, nsagwada zitauma, miyendo itawongoka ngati mitengo, mbuzi ikudzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse. Lembani tsiku lililonse lobaya pakalendala, ndipo muwerenge pabotolo masiku oyenera kudikira nyama kapena mkaka zisanadyedwe. Pa mankhwala okhalitsa imakhala milungu itatu, inayi, kapena kupitirira.

Fupa likaphwanyika zidutswazidutswa kapena phazi likafa, njira zotsala n'kudula mwendo kapena kupha. Mbuzi yopepuka imakhala ndi miyendo itatu n'kumabereka ndithu, makamaka ikataya wam'mbuyo, popeza kulemera kochuluka kumanyamulidwa ndi yakutsogolo. Tonde wopanda mwendo wam'mbuyo savutika kudya koma kukwera kumamkanika. Kudula ndi opaleshoni ya dokotala, si ntchito ya chikwanje. Mbuzi imene mwendo wawola ndipo thupi latentha ikafa kapena kuphedwa, nyama yake ikwiriridwe.

Milungu ya m'khola

Miyendo yambiri imaonongekera pano, kumanga kutayenda bwino. Mbuzi yovulala isabwerere m'khola la m'mwamba, makwerero aja ndi mipata ya pansi ndi adani ake. Ikonzereni kachipinda ka pansi, mita imodzi ndi theka mbali zonse, kofolera bwino, pamalo okwera posalowa madzi, kopanda mwala kapena chitsa chokwerapo. Yalani udzu wouma wambiri ndipo muzisintha ukangonyowa. Mvula ya ku Mzuzu imachedwa kusiya, ndipo ngakhale itasiya mawawa ndi mame zimapitirira. Chikhakha chikanyowa chimafewa ngati nsima ya dzulo yoviikidwa m'madzi, thonje lonyowa limaoletsa khungu. Mutha kuveka pepala la pulasitiki kwa kanthawi pamene mukusesa, koma musalisiye usiku wonse chifukwa limasunga thukuta. Kakholako kakhale poti izitha kuona zinzake. Mbuzi yosiyidwa payokha imalira, imalumpha, imasiya kudya.

M'mawa uliwonse gwirani nsonga za ziboda mumve ngati zikufunda. Nunkhizani kumtunda kwa chomangira, mphuno imadziwa msanga kuposa maso. Onani ngati patupa pamwamba pake, ngati pali dontho lonyowa lotulukira pabandeji, ngati ntchentche zikuunjikana malo amodzi, chifukwa mphutsi zimalowa pansi pa thonje osaoneka. Chizindikiro chachikulu ndi ichi: mbuzi imene inayamba kupondera mwendo, lero yaukweza ndipo sikufunanso kuuponda. Masulani tsiku lomwelo. Kutentha kwa thupi la mbuzi yabwino ndi madigiri 38.5 mpaka 39.7, kukadutsa 40 pali vuto. Mbuzi yogona chafufumimba n'kumabzikula ndiye kuti ikupeza bwino, yokukuta mano ndi kuzolika mutu ikumva ululu.

Thonje la pansi pa paipi limaphwa, choncho lisinthidwe pa masiku 5 mpaka 7 aliwonse, wina atagwira mwendo kuti usasunthe. Kamwana kamakula msanga ndipo chikhakha chimakathina, chisinthidwe pa milungu 2 kapena 3. Muziyang'ananso mwendo wa mbali inayo, umene ukusenza katundu yense. Pa ana umatha kupindikira kunja akakhalitsa osaponda wovulalawo.

Chakudya chikhale cha masamba: nsenjere, masamba a mabulosi, a mtedza ouma, gilirisidiya, ndi lukina wosapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse. Masamba a mbewu za m'gulu la nyemba ali ndi kashiamu amene fupa likumufuna. Madeya asapitirire magalamu 200 mpaka 300 patsiku. Chisoni chimachititsa anthu kudzaza beseni, koma madeya ambiri amawawasa m'mimba, ndipo kwa atonde amayambitsa timiyala totseka njira ya mkodzo. Madzi ndi mchere zikhale pafupi poti ifike osaimirira nthawi yaitali. Yabere lalikulu, m'mwezi wachinayi kapena wachisanu, isakhale ngakhale tsiku limodzi osadya, chifukwa imafooka msanga n'kugweratu.

Nthawi ikakwana, masulani mugwire pothyoka paja. Mupeza chotupa cholimba ngati mfundo ya nzimbe. Ndilo fupa latsopano, ndipo chimachepa chokha pakapita miyezi. Pakakhala pakugwedezekabe, mangani kwa milungu ina iwiri. Mwendo umatuluka wowonda, wouma mfundo, ndipo mbuzi imatsimphinabe kwa masiku. Ikhalebe m'kakhola milungu iwiri, mutangokulunga bandeji yopepuka, kenako iziyenda pabwalo losalala isanasakanizidwe ndi zinzake zogundana.

Pamene ikuchira, kwerani m'khola la m'mwamba lija ndi kuyesa mipata ya pansi. Ikhale pafupifupi sentimita imodzi ndi theka, yoti ndowe zigwe koma chiboda cha kamwana chisalowe. Mitengo yofumbwa ndi yoola ichotsedwe, ndipo makwerero akhomeredwe timitengo topingasa. Mbuzi zimene mumamangirira nthawi ya dzinja, chingwe chikhale m'khosi ndi mfundo yosathina, osati pamwendo, chikhomo chikhale patali ndi zitsa, ngalande ndi malo otsetsereka, ndipo mbuzi ziwiri zitalikirane moti zingwe zawo zisathe kukumana.